Zizindikilo pa Mapu a m'Lamya Zithandiza Apaulendo

Munthu amene asunga malo makumi awili pa mapu a m'lamya yace, onse ndi cizindikilo cimodzimodzi, asokonezeka monga mlendo pa mphambano. Citsime, cipatala ndi dibi la ng'ombe zonse zioneka zofanana, ndipo pamene wodwala ali pa ngolo, nthawi yowelenga maina palibe.

OsmAnd, pulogalamu yolondolela njila imene inayamba mu 2010, ilola mwini lamya kusankha cithunzi ndi utoto wa malo alionse amene asunga. Cipatala acipatsa mtanda wofiila, citsime dontho la madzi. Motelo ngakhale nkhalamba yosadziwa kuwelenga izindikila msanga. Mapu ace acokela ku OpenStreetMap, ndipo akalowa m'lamya agwila nchito ngakhale kumene kulibe netiweki.

Koma pali msampha. Malowo akatumizidwa kwa wina mu fayilo ya GPX, iye natsegula ndi pulogalamu ina, kawilikawili zithunzi zija zitayika. Cotsala ndi dzina ndi pamene pali malowo. Amene analemba "malo 7" m'malo mwa "ulalo wothyoka" angagwetse mnzace mumtsinje usiku.