Nyumba za Khonsolo Zinaleka Kufanana

Kale mlendo wocokera kumudzi akafika ku Matero kapena ku Libala mu Lusaka anali kusokera. Nyumba za khonsolo zinamangidwa mizeremizere, zitseko ndi mazenera zofanana. Cosiyanitsa cinali nambala yokha, pakuti wolipira lendi sakanasintha nyumba ya eni popanda cilolezo.

Kumudzinso nyumba zimafanana, koma mai akazira khonde ndi kupaka cipupa dothi lofiira kapena loyera, anansi amazindikira dzanja lace.

M'caka ca 1996 boma la Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa okhalamo. Pamenepo wina anaonjezera cipinda, wina khonde, wina kagolosale kumseu. Ambiri, mwatsoka, anathamangira mpanda wanjerwa, wautali kotero kuti wodutsa saona ngakhale utoto umene mwininyumba anasankha.