Uvuni wa Nyama pa Kalavani: Ekiselo Imodzi Kapena Awiri?

M'dziko la America, makamaka m'chigawo cha Texas, muli anthu amene ntchito yawo ndi kuwamba nyama ya ng'ombe ndi ya nkhumba pa utsi, namagulitsa. Kuwamba kwake sikufanana ndi kanyenya wathu wa pamsika, amene amapsa msanga pa makala. Iwo amaika nyama mu uvuni wachitsulo wotseka bwino, moto nukhala pambali m'bokosi lakelake, kotero kuti chimene chimafika pa nyamayo ndi utsi wotentha wokha. Nyama ya pachifuwa cha ng'ombe imatha maola 12 kapena kuposerapo isanapse. Mwambowu unakula m'zaka za m'ma 1800 ndi anthu ochokera ku Germany ndi ku Bohemia, amene anali ndi mabutchala ndipo ankawamba nyama yotsala kuti isawonongeke. M'tauni ya Lockhart muli sitolo yotchedwa Kreuz Market imene inayamba mu 1900, ndipo ikugulitsabe nyama yotere.

Masiku ano mauvuni ambiri sakhala malo amodzi. Eni ake amawamangirira pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, imene ambiri timaitcha kalavani, napita nawo ku maukwati, ku misonkhano ndi ku mipikisano yowamba nyama. Mpikisano wa ku Memphis unayamba mu 1978, ndipo wa American Royal ku Kansas City unayamba mu 1980. Munthu wina wotchuka pa ntchitoyi, Aaron Franklin, anayamba malonda ake mu 2009 m'kalavani pambali pa msewu mumzinda wa Austin, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya James Beard imene imaperekedwa kwa akatswiri ophika.

Tsono aliyense wofuna kuika uvuni wake pa matayala amakumana ndi funso limodzi asanawotcherere chitsulo chilichonse. Kodi kalavaniyo ikhale ya ekiselo imodzi kapena ya maekiselo awiri? Ekiselo ndi chitsulo chopingasa chija chimene chimagwira tayala uku ndi uku. Kalavani ya ekiselo imodzi ili ndi matayala awiri; ya maekiselo awiri ili ndi matayala anayi, awiri kutsogolo ndi awiri pambuyo pake, moyandikana. Tafuna kufotokoza nkhaniyi chifukwa mlimi wa kuno amene akupangitsa kalavani yonyamulira chimanga, njerwa kapena injini ya chigayo amakumana ndi funso lomweli, ndipo masamu ake sasintha chifukwa chowoloka nyanja.

Anthu ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo. Kumeneko ndi kuyambira kumchira. Choyamba ndi kudziwa kulemera kwa katundu yense pa tsiku limene kalavaniyo yadzaza.

Ekiselo iliyonse ili ndi muyeso wa katundu amene ingathe kunyamula, ndipo opanga amaulemba. Imene imapezeka kwambiri pa makalavani aang'ono ku America ndi ya mapaundi 3,500, ndiwo makilogalamu pafupifupi 1,590, kapena tinene matumba 32 a chimanga a makilogalamu 50, kuperewera pang'ono. Maekiselo awiri otere amanyamula mapaundi 7,000. Koma tamvetsani apa: muyeso umenewo si wa katundu yekha ayi. Kalavani yeniyeniyo, mafelemu ake ndi pansi pake, nayonso yakhala pa ekiselo yomweyo, ndipo iyenera kuwerengedwa.

Mauvuni ambiri a ku Texas amapangidwa kuchokera ku mathanki akale osungiramo gasi. Thanki ya magaloni 250 imalemera kufupi ndi mapaundi 500 ilibe kanthu. Ya magaloni 500 ndi yaitali mafiti 10, ndipo kulemera kwake kuli kufupi ndi mapaundi 1,000. Ya magaloni 1,000, yonga imene a Franklin amawambiramo nyama yawo, ndi yaitali mafiti 16, kulemera kwake kufupi ndi mapaundi 2,000. Tingonena podutsa kuti kudula thanki imene munali gasi ndi ntchito yoopsa. Odziwa amayamba aidzaza madzi kuti mpweya wotsalira utuluke, ndipo wosadziwa asayerekeze.

Thanki yokha sindiyo uvuni. Pafunika bokosi la moto, ndipo limeneli ndilo limanamiza anthu ambiri chifukwa limaoneka laling'ono. Chitsulo chochindikala mamilimita 6 chimalemera makilogalamu 47 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Bokosi la masentimita 60 mbali zonse, lopangidwa ndi chitsulo chimenechi, limafika makilogalamu 100. Mukachindikalitsa kawiri kuti lisunge kutentha, ndi makilogalamu 200.

Tiyeni tiwerengere limodzi chitsanzo cha uvuni wa magaloni 500. Thanki tiike pa makilogalamu 450, bokosi la moto 200, chumuni, mawaya oyalapo nyama ndi zitseko 150, kalavani yeniyeniyo 350. Apa tafika pa 1,150, ndipo mwini wake akaona chomwecho amakondwa, nati ekiselo imodzi yakwana. Koma sanapakire nkhuni. Nkhuni za mtengo wa oak zimene amakonda ku Texas ndi zolemera, tiike 250. Madzi, nyama ndi ayezi woziziritsira nyamayo tiike 150, pokumbukira kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Zonse pamodzi ndi 1,550. Gawo lina la katunduyu limatsamira pa galimoto yokoka, choncho ekiselo yanyamula kufupi ndi 1,400, ndipo kwatsala malo a matumba anayi okha a chimanga. Chaka chamawa munthu uja adzafuna denga lotchinga dzuwa, tebulo ndi sinki, pakuti palibe amene amachotsa zinthu pa kalavani; onse amangowonjezera. Ekiselo imene imayenda tsiku ndi tsiku itanyamula mpaka pamapeto pa mphamvu yake imapindika, matayala ake nayamba kudyeka m'kati.

Kotero uvuni wa magaloni 250 umakhala bwino pa ekiselo imodzi ya mapaundi 3,500, ndipo wa magaloni 1,000 ufuna awiri popanda kukambirana. Mkangano uli pa wa magaloni 500, umene uli pamalire. Ena amauika pa ekiselo imodzi yamphamvu ya mapaundi 5,200, ndipo imanyamula ndithu, malinga matayala ndi masipuling'i akhale a muyeso womwewo, chifukwa kalavani imalimba kufikira pamene chiwalo chake chofooka chalekezera.

Ubwino wa ekiselo imodzi ndi woonekeratu. Mtengo wake ndi wotsika, matayala ogula ndi awiri okha, mabering'i opaka girizi ndi a mbali ziwiri zokha. Koposa zonse, amuna awiri kapena atatu angathe kuimasula ku galimoto, naikankha ndi kuitembenuza ndi manja. Kwa wowamba nyama ichi si chinthu chaching'ono, chifukwa mphepo ikasintha amafuna kutembenuza uvuni kuti moto uyake bwino ndi kuti utsi usapite kwa alendo. Kalavani ya matayala anayi sitembenuka chomwecho. Pokhota mwamphamvu matayala ake amakhula pansi cham'mbali, ndipo kuikankha ndi manja pabwalo lopanikiza ndi kungotaya thukuta.

Koma pa msewu zinthu zimatembenuka. Kalavani ya ekiselo imodzi ikagwa m'dzenje, mphamvu yonse imagwera pa tayala limodzi, ndipo kalavani yonse imadumpha pamodzi ndi katundu wake. Ya maekiselo awiri, ikakhala ya masipuling'i, ili ndi kachitsulo kolumikiza sipuling'i yakutsogolo ndi yam'mbuyo, kamene kamapendekera uku ndi uku ngati sikelo, nkumagawa katundu pakati pa matayala awiriwo. Tayala limodzi likamakwera mwala, linzake lili pansi. Chifukwa cha ichi imayenda mosadumphadumpha, ndiponso sigwedezeka msanga lole yaikulu ikaidutsa. Tayala likaphulika galimoto ili pa liwiro, la pafupi nalo limachirikiza mbali imeneyo kufikira dalaivala aime bwinobwino. Pa ekiselo imodzi mbali yophulikayo imagwera pansi nthawi yomweyo, ndipo uvuni ndi katundu wamtali amene kulemera kwake kuli m'mwamba, wosachedwa kugudubuzika. Ulendo wochokera ku Austin kupita ku Kansas City uposa mamailosi 700, ndipo munthu woyenda maulendo otere kawirikawiri sanong'oneza bondo pa ndalama za ekiselo yachiwiri.

Pali chinthu chimodzi chimene eni makalavani a maekiselo awiri amaiwala. Kalavaniyo iyenera kuyenda yowongoka, osaweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Pokokera pa galimoto pakakwera kwambiri, katundu amathawira ku ekiselo yam'mbuyo. Pakatsika, amathawira ku yakutsogolo. Pamenepo mwalipira maekiselo awiri koma wogwira ntchito ndi mmodzi.

Tsopano tifike pa chinthu chimene, m'kuona kwathu, chiposa funso la chiwerengero cha maekiselo: malo amene ekiseloyo yaikidwa. Aliyense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe akudziwa kale zimenezi. Mukaunjika matumba kumbuyo kwa ngolo, mtengo wokokera umanyamuka, goli nilikwera m'mwamba ndi kutsamwitsa ng'ombe. Mukaunjika kutsogolo, goli limapsinja makosi. Kalavani ichita chimodzimodzi ndi galimoto. Lamulo la amisiri ndi lakuti pa makilogalamu 100 alionse a kalavani yodzaza, makilogalamu 10 mpaka 15 atsamire pa chokokera cha galimoto. Pa chitsanzo chathu chija cha 1,550, ndiye kuti makilogalamu 155 mpaka 230. Akachepa kuposa apa, kalavani imayamba kupukusa mchira galimoto ikathamanga, ndipo kupukusako kumakula mpaka kukokera galimoto kunja kwa msewu. Akachuluka, kumbuyo kwa galimoto kumatitimira, matayala akutsogolo napepuka, chiwongolero ndi mabuleki osagwira bwino.

Uvuni wa nyama ndi wovuta pa mfundo imeneyi chifukwa bokosi la moto, chinthu cholemera chija, kawirikawiri limakhala kumbuyo kwenikweni. Mmisiri akangoika ekiselo pakati pa kalavani poyeza ndi tepi, kumbuyo kudzalemera. Amisiri ochenjera amayamba amaliza kumanga uvuni wonse pa felemu, kenaka amakhazika felemuyo pa paipi yozungulira, naisuntha pang'onopang'ono mpaka apeze pamene mbali ziwiri zilingana. Ekiselo amaiwotcherera kumbuyo pang'ono kwa malo amenewo. Akakhala maekiselo awiri, ndi pakati pa awiriwo pamene payenera kukhala kumbuyo kwa malo olinganawo. Amaganiziranso za kumene nkhuni zidzakhale, popeza popita zimakhala zodzaza koma pobwerera zapsa zonse, ndipo kalavani imene inali bwino m'mawa ingathe kupepuka kutsogolo madzulo. Matayala asayandikire bokosi la moto, pakuti mphira ndi girizi sizigwirizana ndi kutentha kwa maola 12.

Za mabuleki, malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Texas kalavani yoposa mapaundi 4,500 yothamanga pa msewu waukulu iyenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo m'zigawo zina zambiri malire ake ndi mapaundi 3,000. Owerenga athu a kuno afunse ku ofesi yoona za pamsewu asanapangitse kalavani. Koma ngakhale lamulo litalola, galimoto yaing'ono yokoka matani awiri opanda mabuleki pa chitsikireko imakankhidwa ndi katundu wake. Galimoto nayonso ili ndi muyeso wa zimene ingakoke, wolembedwa m'buku lake, ndipo ekiselo yachiwiri siwonjezera mphamvu ya galimoto, imangowonjezera kulemera.

Kalavani ikatha kupangidwa, masamu a papepala asakhale omaliza. Ku America eni mauvuni amapita nayo yodzaza pa sikelo yoyezera malole, imene imapezeka pa malo omwetsera mafuta, nayeza matayala a kalavani paokha ndi a galimoto paokha. Ambiri amapeza kuti yalemera kuposa mmene ankaganizira.

Matayala a kalavani yotere kawirikawiri sakutha ndi msewu koma ndi ukalamba, chifukwa imakhala masabata ambiri itangoima padzuwa. Mapazi a tayala amaoneka atsopano, koma m'mbali mwake muli timing'alu. Pambali pa tayala pali manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi zilembo DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata la 23 m'chaka cha 2019. Tayala la kalavani loposa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi liyenera kusinthidwa ngakhale mapazi ake alipo, ndipo mwini maekiselo awiri akonzekere kugula anayi, kuwonjezapo lachisanu lapadera.