Gemu ya madola 10 ikafika pa Lirangwe

Munthu amene amayendayenda m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuchoka pa Lunzu kukafika pa Lirangwe, kapena amene amakhotera pa Kameza kulowera ku Chileka, amatidziwa timanyumba tina tomwe phokoso lake silifanana ndi la vidiyo sho. M'katimo mumakhala wailesi ya kanema imodzi kapena ziwiri, makina a PlayStation otopa ndi ukalamba, mapadi omatamata ndi selotepi, ndi benchi lodzaza anyamata odikira kuti nthawi yawo ikwane. Mwa onsewo palibe amene anagula gemu yomwe akusewerayo. Aliyense amalipira kangachepe pa mpikisano umodzi wa mpira, wogonja n'kusiyira mnzake padi. Magetsi akathima, malonda athera pompo, pokhapokha mwini malo atakhala ndi sola kapena jenereta.

Anthu a m'timanyumba timeneti sadziwika kwa opanga magemu a ku America ndi ku Ulaya, komabe funso lomwe limawazunguza mitu opangawo ndi lomwe mwini kanyumba ka pa Lirangwe amayankha tsiku ndi tsiku: gemu yoseweredwa ndi anthu ambiri nthawi imodzi iziperekedwa pa mtengo wanji kuti wopanga adye, wosewera naye asapsinjike?

Magemu a makampani akuluakulu, monga a mpira opangidwa ndi Electronic Arts, amagwiridwa ndi antchito mazanamazana, ndipo kuyambira mu 2020 ambiri mwa iwo amagulitsidwa madola 70. Koma pali gulu lina la opanga oima paokha, opanda kampani yaikulu kumbuyo kwawo. Among Us, gemu yosakana wachiwembu pakati pa anzako m'chombo cha m'mlengalenga, inapangidwa ndi anthu atatu a kagulu ka Innersloth ku America mu 2018. Kwa zaka ziwiri inangokhala phee, kenako mu 2020, anthu atabindikira m'nyumba chifukwa cha Covid-19, inafalikira dziko lonse. Pa kompyuta inkagulitsidwa madola 5, pa foni inali yaulere. Valheim, yomwe inatuluka mu February 2021, inali ntchito ya anthu asanu a ku Sweden, ndipo mtengo wake unali madola 20. Lethal Company, ya mu October 2023, inapangidwa ndi mnyamata mmodzi yekha wodziwika ndi dzina loti Zeekerss, ndipo anaikapo madola 10. Zonsezi zinagulidwa ndi anthu mamiliyoni.

Kwa wogula wa ku America, madola 10 ndi ndalama yosadetsa nkhawa. Malipiro otsikitsitsa omwe boma lalikulu la kumeneko limalola ndi madola 7.25 pa ola, ndiye gemu ngati Lethal Company ndi thukuta losakwana ola limodzi ndi theka. Kuno kwathu masamu ake ndi ena. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2024 dola imodzi ku banki inali pafupifupi K1,750. Madola 10 aja ndi K17,500. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito anali K90,000 pa mwezi, kutanthauza kuti gemu "yotchipa" ija inali ntchito ya masiku asanu. Umenewu ndi mtengo wa ku banki, komwe madolawo sapezekapezeka. Wopita kwa osintha ndalama am'misewu amalipira zoposa pamenepo.

Apa ndi pomwe gemu ya anthu ambiri imasiyanirana ndi ya munthu mmodzi, ndipo opanga ambiri amachedwa kuzindikira zimenezi. Lethal Company imakoma anthu akakhala anayi. Aliyense ayenera kugula yake. Mabwenzi anayi a ku Chileka atafuna kusewera limodzi, gululo lifunika K70,000, osawerengera makompyuta anayi ndi bandulo ya aliyense. Mmodzi akalephera kugula, enawo amagwa ulesi, ndipo malonda anayi aja amafera limodzi. Mtengo weniweni wa gemu yotere si womwe walembedwa pa sitolo, ndi womwe gulu lonse litulutse kuti madzulo amodzi asewere.

Wopanga naye ali ndi madandaulo ake omveka. Steam, sitolo ya pa intaneti ya kampani ya Valve yomwe magemu ambiri a pakompyuta amagulitsidwiramo, imatenga 30 peresenti pa malonda a magemu ambiri. Pa madola 10, wopanga amatsala ndi 7, msonkho usanadulidwe. Sitolo ya Epic Games imatenga zosapitirira 12 peresenti, koma ogula ake ndi ochepa poyerekeza ndi a Steam. Komanso wogula wa pa Steam ali ndi ufulu wobweza gemu ndi kulandira ndalama yake ngati wasewera maola osakwana awiri m'masiku 14. Pamwamba pa izi pali maseva, makompyuta akuluakulu omwe amalumikiza osewera. Seva imalipiridwa mwezi ndi mwezi, pomwe wogula analipira kamodzi kokha. N'chifukwa chake opanga ang'onoang'ono ochenjera amakonza zoti kompyuta ya mmodzi mwa osewera ndiyo izikhala ngati seva, kuti iwo asamasenze bilu yosatha.

Ndipo gemu ya anthu ambiri ikasowa anthu, imafa msanga. Ngakhale Sony, ndi chuma chake chonse, inaziona mu 2024: gemu yake yotchedwa Concord, ya madola 40, inatsekedwa patangotha milungu iwiri, ogula n'kubwezeredwa ndalama. Wopanga wamng'ono akakweza mtengo, osewera amachepa. Osewera akachepa, olowa kumene amapeza bwalo lopanda anthu n'kuthawa. Rocket League ndi Fall Guys, zomwe zinayamba pa madola 20, zinadzasanduka zaulere, ina mu 2020 ina mu 2022, pofuna kuti mabwalo azikhala odzaza.

Ena amakana njira imeneyi. Opanga Factorio ku Czech Republic sachotsera mtengo ngakhale pa nyengo ya zikondwerero, ndipo mu January 2023 anaukweza kuchoka pa madola 30 kufika pa 35. Maganizo awo ndi oti wogula lero asadzadandaule kuti mnzake wagula mawa pa theka la mtengo. Pali chilungamo m'menemo, koma ndi chilungamo cha pakati pa anthu omwe matumba awo ndi ofanana.

Njira yomwe inayesa kuganizira maiko osauka ndi yoika mitengo mosiyana potengera dera. Steam imalola wopanga kugulitsa gemu motsika ku India kapena ku Brazil kusiyana ndi ku Germany, ndipo ku South Africa anthu amalipira mu randi. Koma njirayi inakumana ndi akathyali. Ogula a m'maiko olemera ankanamizira kuti ali ku Argentina kapena ku Turkey kuti agule motchipa, ndipo ndalama za maiko awiriwo zinkagwa mphamvu mosalekeza. Mu November 2023 Valve inasiya kulandira peso ya ku Argentina ndi lira ya ku Turkey, n'kuika mitengo ya m'madola ya zigawo za Latin America komanso Middle East ndi kumpoto kwa Africa. Malawi sali m'chigawo chilichonse mwa zimenezi. Mnyamata wa pa Lirangwe amaona mtengo womwewo womwe amaona wa ku New York, ndipo ngakhale ataipeza ndalamayo, afunika khadi la ku banki lololedwa kulipira kunja. Airtel Money ndi Mpamba, zomwe ndi banki yeniyeni ya anthu akumudzi, pa sitoloyo sizidziwika.

Zikatere anthu amapeza njira zawo. Magemu amayenda kuchoka pa foni kupita pa foni kudzera pa Xender kapena Bluetooth, ena amakaikitsa kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu pa msika. Opanga amati uku ndi kuba, ndipo mwalamulo sakunama. Mu 2013 abale awiri a kampani ya Greenheart Games anachita kanthu koseketsa: anatulutsa dala gemu yawo ya Game Dev Tycoon pa malo otengera zinthu mwakuba, ataikonza kuti wosewerayo, yemwe m'gemumo amakhala mwini kampani yopanga magemu, azigwa bizinesi chifukwa cha anthu okopera ntchito yake. Tsiku loyamba, oposa 90 mwa osewera 100 alionse anali ndi yakubayo. Koma wokopera wa ku Ulaya yemwe ali ndi khadi m'thumba ndi wosiyana ndi wa ku Chileka yemwe alibe khomo lolowera n'komwe. Wachiwiriyu sanalande wopanga ndalama iliyonse, poti panalibe njira yoti ndalamayo ifikire.

Anthu a ku Chileka nkhani imeneyi si yachilendo kwa iwo, chifukwa anaionera pa oimba awo. Mudzi wa Singano unatulutsa Daniel ndi Donald Kachamba, kenako Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries. M'masiku a makaseti woimba ankadalira ogulitsa ngati O.G. Issa, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, linkayesa kuteteza ntchito zawo. Makompyuta obena nyimbo atadzaza m'misika, malonda a zimbale anagwa, ndipo oimba anaona kuti ndalama yeniyeni ili pakhomo la malo oimbira, pomwe anthu amalipira kuti asangalale limodzi usiku umenewo. Mwini kanyumba ka magemu amachitanso chimodzimodzi: sagulitsa gemu, amagulitsa nthawi ndi mpando. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa ndalama zimenezo palibe tambala yomwe imabwerera kwa wopanga, chifukwa palibe amene anakonza njira yoti malo otere azilipira chiphaso chotsika mu kwacha.

Nanga zaulere zija? Pa foni, magemu monga Free Fire, PUBG Mobile ndi Dream League Soccer salipiritsa polowa. Ndalama amazipeza pa zotsatsa malonda ndi pa tizinthu togula m'kati. Kwa wosewera wakumudzi, zotsatsazo zimadya bandulo yomwe wagula ndi ndalama ya ganyu, ndiye ulerewo ndi wa dzina lokha. Choopsa kwambiri ndi timabokosi tamwayi, tomwe munthu amalipira osadziwa chomwe apezemo. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti timeneti ndi juga. M'dziko lathu lino, lomwe achinyamata ambiri alowerera kale ndi juga ya kandege ka pa foni, wolemba uno sakuona chifukwa choyamikirira gemu yophunzitsa ana chizolowezi chomwecho, ngakhale itakhala yaulere motani.

Pali opanga ena omwe anapeza njira zoyenerera malo ngati athu, mwina osadziwa n'komwe. Mini Militia inatchuka pakati pa ana asukulu m'maiko ambiri osauka chifukwa mafoni angapo amalumikizana pa hotspot ya mmodzi, popanda bandulo. Among Us nayo ili ndi njira yosewerera anthu omwe ali pamalo amodzi, zomwe n'zothandiza poti maseva ake ali ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia, kutali komwe uthenga wochokera kuno umachedwa kufika. Don't Starve Together, ya kampani ya Klei ku Canada, ukagula pa Steam umalandira ina ya banyira yopatsa mnzako. It Takes Two, ya mu 2021, imalola mnzake wa wogula kusewera nawo osalipira. Broforce, yopangidwa ndi Free Lives ku Cape Town mu 2015, anthu anayi amatha kuisewera pa kanema mmodzi. Zonsezi zimawerengera gulu m'malo mowerengera mutu uliwonse, ndipo m'dziko lathu lino, lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zokha zomwe zimaunikira magetsi, kusewera pamodzi pa makina amodzi si nkhani ya kukonda chabe.

Za kalipiridwe nazo zayamba kusuntha. Kampani ya Carry1st, yomwe inayamba mu 2018 ndipo likulu lake lili ku Cape Town, inakula pothandiza osewera a mu Africa kulipira zinthu za m'magemu ndi ndalama za pa foni komanso njira zina za m'maiko awo. Zikuonetsa kuti anthu amalipira ndithu ngati mtengo uli wa ndalama yawo ndipo njira yake ili pafupi.

Tsono tiyerekeze wophunzira wa pa yunivesite ya MUBAS, kwawo ku Chileka, wapanga gemu ya bawo yoti anthu awiri azisewera pa mafoni kapena pa makompyuta, wina ali pa Lunzu wina ali ku Johannesburg. Ogula ake ali pawiri: a kuno omwe angakwanitse K1,000 pa Mpamba, ndi a kunja omwe madola 5 sangawamve kuwawa. Mtengo umodzi sungakwanire onsewo, ndipo akasankha wa kunja wataya anthu omwe amalidziwa bawolo. Asanafike n'komwe pa chisankho chimenecho, Steam imafuna madola 100 pa gemu iliyonse yatsopano, omwe pa mtengo wa ku banki wa 2024 ndi K175,000, pafupifupi malipiro otsikitsitsa a miyezi iwiri m'chaka chimenecho, ndipo ayenera kulipiridwa ndi khadi. Valve imabweza ndalamayo gemu ikagulitsa zokwana madola 1,000. Pa mtengo wa K1,000, pamafunika ogula 1,750 kuti afike pamenepo.