KALATA YOFUNSIRA NTCHITO IMAFIKA KUMENE INU SIMUNAFIKE

Tsiku lina la msika pa Kabwazi, mnyamata wina anandipeza ndili kusankha mbeu ya nyemba, nandipempha kuti ndimuonereko kalata imene anafuna kutumiza ku Lilongwe. Chitsirizireni sukulu anali atalemba makalata otere asanu ndi aŵiri osalandira yankho ndi limodzi lomwe, ndipo mumtima mwake anali atagamula kale kuti ntchito amapatsana pachibale. Sindinamtsutse, pakuti zoterezi zimamveka ndithu. Koma titakhala pamthunzi ndi kutambasula mapepala akewo, ndinaona kuti mnyamatayo anali anthu atatu. Pa satifiketi ya MSCE panali dzina lina, pa chiphaso cha unzika panali lina, ndipo pansi pa kalata anasaina dzina limene anzake amamuitana nalo ku mpira.

Tiyambe taganizira munthu amene amalandira makalata ameneŵa. Mu June 2020, pamene Unduna wa Zaumoyo unaitana ofuna ntchito ya ulangizi wa zaumoyo kuti afike okha kudzayesedwa, anthu anachuluka kotero kuti ku Mzuzu ambiri anavulala popanikizana. Khamu lomwelo likalemba makalata limasanduka mulu wa maenvulopu pa tebulo la kalaliki mmodzi. Choyamba chimene iye amachita ndicho kuchepetsa muluwo. Kalata yofika mochedwa, yopereŵera pepala limodzi, kapena ya maina osagwirizana imaikidwa pambali asanaŵerenge n'komwe za nzeru za mwini wake.

Nkhani ya maina njovuta kuno kwathu. Munthu mmodzi ali ndi dzina la kubadwa, la ubatizo, la atate ake, ndiponso chiŵongo, ndipo amasinthanitsa monga kwamkomera. Ena anasintha dzina pofuna kubwereza Sitandade 8, ena anadzichepetsera zaka. Kale izi zinkapita osaoneka. Koma chiyambire 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu m'dziko lonse ndi kupereka ziphaso za unzika, wolemba ntchito amaika chiphaso ndi satifiketi pamodzi, nayang'ana dzina ndi tsiku lobadwa. Ngati zanu zikusiyana, musadikire kuti ntchito ilengezedwe. Pitani ku boma ku Dedza, kukhoti la majisitireti kapena kwa loya, mukalumbire kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo kalata ya lumbiroyo iziyenda pamodzi ndi mapepala enawo. Komweko akhoza kudinda chidindo pa mafotokope anu kutsimikiza kuti ngofanana ndi satifiketi yeniyeni. Yeniyeniyo musaitumize ayi; isungeni m'pulasitiki, kutali ndi chiswe, kufikira tsiku loitanidwa.

Chilengezo cha ntchito chiŵerengeni katatu. Akati akufuna makerediti anayi, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu, akunena zomwezo. Pa mayeso a MSCE 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndiyo kerediti, pamene 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba. Alipo amene amayesedwa kukonza nambala ndi cholembera asanapange fotokope. Mnzanga, MANEB imasunga zotsatira zonse ku Zomba, ndipo wolemba ntchito akhoza kufunsa kumeneko. Kupeka satifiketi ndi mlandu wa kupolisi, ndipo ena amachotsedwa ntchito atagwira kale zaka, ana ali pasukulu.

Kalata yeniyeniyo ikhale ya tsamba limodzi. Nenani ntchito imene mukufuna, kumene munaona chilengezo, maphunziro anu, ndi zimene mudziŵa kuchita. Ambiri amadzaza tsamba ndi madandaulo, kuti ndine mwana wamasiye, kunyumba kulibe chakudya. N'zoona, ndipo n'zachisoni, koma theka la mulu uja likunena zomwezo. Chimene ndinadabwa nacho mwa mnyamata uja n'chakuti analemba kuti sanagwirepo ntchito iliyonse. Nditamfunsitsa ndinapeza kuti kwa zaka ziŵiri ndiye ankasunga buku la banki mkhonde ya amayi a m'mudzi mwao, ndipo nyengo ya mbatatesi ndiye ankaŵerengera matumba ndi ndalama za amalume ake pokweza pa lole. Iye anaziyesa zachabe popeza panalibe malipiro. Komatu wofuna kalaliki wa sitolo akufuna munthu woteroyo, amene anagwirapo ndalama za eni osasoŵetsa tambala.

Za mboni, sankhani anthu okudziŵani amene sali abale anu, monga mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene munaphunzira, abusa, kapena wapampando wa kalabu imene munatumikira. Kaŵapempheni poyamba. Safunsa anadya phula: nanga munthu waulemu wake akaimbiridwa foni mwadzidzidzi, nayankha kuti dzina limenelo sakulikumbuka, mwapindulanji?

Masiku ano yankho limabwera kaŵirikaŵiri pa foni, ndipo kalaliki saimba kachitatu. Lembani nambala yanu mooneka bwino, muonjezepo ya mbale wokhulupirika, ndipo foniyo ikhale ndi moto, ngakhale zitafuna kulipira kotchajitsa pa msika. Wina akakuimbirani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu liloŵe pa mndandanda, dziŵani kuti ndi wakuba. Ntchito za boma sagulitsa, ndipo wopereka chiphuphu ali ndi mlandu pamodzi ndi wolandira.

Mnyamata uja tinakhala naye mpaka dzuŵa linapendeka, tikulemba ndi kufafaniza pa pepala la m'kope. Kalata yoyera anakailemba yekha kunyumba, pakuti mau ayenera kukhala ake amene adzatha kuŵayankhira pamaso pa oyesa. Lolemba lotsatira analaŵirira ku Dedza kukalumbira za maina ake, atagulitsa nkhuku kuti apeze yoyendera. Kalata yachisanu ndi chitatu inapita kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti atseke, ndipo pamene ndikulemba pano iye ali kudikira, foni ili m'thumba la malaya.