Msana ukavulala pantchito, musangoti ndi malungo

Nyengo ya feteleza ikafika, ambiri mwa inu mumapita kukagwira ntchito m'maesiteti kapena m'madepoti kuti mupeze ndalama yogulira zipangizo za kumunda kwanu. Kumeneko ntchito yake ndi kusenza matumba a makilogalamu 50 tsiku lonse, ndipo nthawi ya fodya ndi mabelo olemera kuposa pamenepo. Ndikufuna tikambirane za msana, chifukwa ndatopa kuona alimi amphamvu akugona pamphasa mwezi wa Disembala, udzu ukudya chimanga, popanda ngakhale tambala yachipepeso.

Bambo wina wa m'dera langa anamva kuti "thee" m'chiuno akukweza thumba mulole. Kapitawo anamuuza kuti apite akapume, ndi malungo chabe. Anapitadi, nagula panado pagolosale, kenako anakatemera mphini. Patatha miyezi inayi, mwendo utayamba kuchita dzanzi, anabwerera kukadandaula. Anamuyankha kuti dzina lake mulibe m'buku ndipo palibe amene akukumbukira ngoziyo. Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinamuchitikira n'chakuti pakati pa mafupa a msana pamakhala tinyama tofewa, tokhala ngati nkhata, timene madokotala amati disiki. Mukanyamula cholemera mutawerama, makamaka mukupotoza chiuno, kankhatako kakhoza kung'ambika, zam'kati mwake n'kutuluka n'kupsinja mtsempha wopita kumwendo. N'chifukwa chake ululu suthera m'chiuno: umatsika m'thako, m'ntchafu mpaka kuphazi, ndipo umakula mukatsokomola kapena kuyetsemula. Ambiri amayamba kupeza bwino m'milungu 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, bola asiye zolemera koma aziyendayenda pang'ono. Kugona osadzuka kumangoumitsa msana. Koma mukaona kuti mkodzo kapena chimbudzi zikutuluka zokha, kapena mkodzo ukukanika, kapena mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kapena phazi likukhwekhwereza pansi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo. Pamenepo kuchedwa kukhoza kukulumazani moyo wonse.

Tsono za chipukuta misozi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2000 lotchedwa Workers' Compensation Act, limene limati wolembedwa ntchito akavulala chifukwa cha ntchitoyo, pamene akuigwira, bwana ayenera kumulipira. Simufunika kusonyeza kuti bwanayo analakwitsa penapake. Amene walumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito amayenera kulandira ndalama zofanana ndi malipiro a miyezi 54, ndipo amene walumala pang'ono amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi mmene dokotala wayezera. Nkhanizi zimayambira ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene ambiri timangoti kwa leba, ndipo kukadandaula kumeneko n'kwaulere.

Vuto la msana n'lakuti suoneka. Wodulidwa chala ndi makina aliyense amamukhulupirira, koma wa msana amangomuti ndi ulesi kapena ukalamba. Ndiye umboni muyenera kuusunga nokha kuyambira tsiku loyamba. Uzani kapitawo nthawi yomweyo, pamaso pa anzanu awiri, ndipo lembani mayina awo ndi tsiku lake. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo muwauze adokotala momveka kuti "ndavulala ndikukweza matumba pantchito", kuti mawu amenewo alowe m'buku lanu la kuchipatala. Ambiri mumangoti "msana ukupweteka", ndiye m'bukumo simukhala chilichonse chokhudza ntchito. Bukulo lisungeni ngati chiphaso chaunzika. Sungani pamodzi timapepala ta malipiro, kapena mauthenga a pafoni ngati amakulipirani pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndi zimene zidzasonyeze kuti munalidi pantchito ndiponso kuti mumalandira zingati.

Dziwaninso kuti X-ray imaonetsa mafupa, osati disiki. Akakuuzani kuti chithunzi chatuluka bwino, sizikutanthauza kuti mukunama. Pemphani kuti akuoneni achipatala oona za mafupa pachipatala cha boma lanu, amene angakutumizeni kuchipatala chachikulu ngati Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Udindo wokanena za ngozi kwa leba ndi wa bwana, koma musadalire zimenezo. Pitani nokha mukafunse ngati nkhani yanu inafika, ndipo musalole kuti chaka chithe musanadandaule. Chenjeraninso ndi ndalama ya m'envulopu imene amakupatsani n'kukuuzani kuti musayine kapena mudinde chala. Musasayine pepala limene simunaliwerenge. Ngati bwana akukana, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya.

Ndinene zoona kwa inu amene mwavulalira m'munda mwanu: lamuloli silikukukhudzani, popeza bwana ndinu nomwe. Waganyu wa tsiku limodzi pakhomo pa mnzake nayenso nkhani yake imavuta, choncho akafunse kaye kwa leba asanataye ndalama za thiransipoti maulendo ambiri. Chimene chingathandize banja lotere ndi Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo amafikira mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Sikuti aliyense wodwala msana amalowamo, koma kalata ya kuchipatala ikakhalapo, komiti ya m'mudzi ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu amakhala ndi poyambira nthawi yolemba mayina.

Ndipo inu amene msana ukadali bwino, thumba la feteleza muzinyamula awiri, kapena ligaweni pakati musanapite nalo kumunda. Pokweza, pindani mawondo, thumbalo likhale pafupi ndi mimba, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osati chiuno. Wilibala ya mnzanu ibwerekeni, ngakhale akulipiritseni.