Msewu wa Balaka-Liwonde: tiwerenge kaye tisanapemphe mizere inayi

Nkhani yokonza msewu wochoka pa Chingeni kudutsa pa Balaka kukafika ku Liwonde ikabuka, ambiri amathamangira kunena kuti tikufuna msewu wa mizere inayi ngati ya mumzinda wa Lilongwe. Ine ndikuti tiwerenge kaye, poti walira mvula walira matope.

Msewuwu umakumana ndi M3 pa Mangochi Turn-off, ndipo pamenepa mathiraki, mabasi, akabaza, ngolo ndi ana asukulu amalimbirana phula limodzi. Njira zoukonzera zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kumata zigamba m'maenje. N'kotchipa lero, koma mvula ikagwa kawiri zigambazo zimamatuka, ndalama n'kulowa m'madzi.

Yachiwiri ndi kumanganso msewu wa mizere iwiri, wotakata, wokhala ndi ngalande zakuya komanso mpata wa phula m'mbali wa njinga ndi oyenda pansi. Chitsanzo tili nacho pafupi: msewu wa makilomita 75 wa Liwonde-Mangochi, womwe adaukonza ndi ndalama za African Development Bank.

Yachitatu ndiyo mizere inayi. Apa pafunika malo ambiri, chipukutamisozi kwa eni nyumba, magolosale ndi minda, kuphatikizapo kukulitsa milatho yonse. Ukatha, wousamala ndi ife tomwe, kudzera m'ndalama ya misewu yomwe ili pamtengo wa mafuta komanso zomwe timalipira pageti ya Chingeni kuyambira mu 2021.

Funso ndi lakuti: magalimoto amapanikizana pati? M'mene ndimaonera, si pakati pa minda ayi. Amaunjikana m'misika ndi m'masiteji, pomwe minibasi imaima pakati pa msewu ndipo malonda afika mpaka paphula. Ku Liwonde onse amaoloka Shire pamlatho wa pa Kamuzu Barrage. Msewu uli ngati paipi: madzi amayenda molingana ndi pomwe yapanikizika. Mizere inayi yothera pamalo opapatiza ingosamutsa mdipiti, osauthetsa.

N'chifukwa chake ndikusankha njira yachiwiri, koma ikhale ndi malo oimapo minibasi, misika yotalikirako ndi msewu, ndiponso mahampu ndi powolokera pafupi ndi sukulu. Mwana wopalasa njinga m'mawa safuna mizere inayi. Amafuna mpata woti thiraki imudutse osamukankhira m'ngalande.

Tisaiwalenso chomwe chimapha misewu: katundu wopyola muyeso. Sikelo ya magalimoto ya pa Balaka igwire ntchito usana ndi usiku, ndipo katundu wolemera akwere sitima, poti njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya ndi Liwonde pomwepa.

Ndalama zotsala zipite ku misewu ya kumudzi, kuti mlimi wa thonje ku Balaka ndi wa mpunga ku Machinga afikitse zokolola zake paphula ngakhale m'dzinja. A Roads Authority, aphungu ndi makhansala atiuze poyera mtengo wa njira iliyonse ndi chiwerengero cha magalimoto odutsa patsiku. Ngongole ya msewu adzabweza ndi ana omwe tikuwaphunzitsa lero.