Phindu la 12 pa 100: Kodi Masamu Ake Ndi Oona?

Pa msika wa masheya wa ku America pali mathumba a ndalama ochedwa ETF. Thumba lotere limagula masheya a makampani ambiri, ndipo munthu amagulako gawo monga momwe agulira sheya wamba. Ena mwa mathumbawa achuka cifukwa cogawira eni ake phindu mwezi ndi mwezi. Limodzi ndi QYLD, la kampani ya Global X, limene linayamba mu December 2013. Phindu lake pa caka limayandikira 12 pa 100.

Masamu ake ngosavuta. Amene waika madola 1,000 ayembekezere madola 120 pa caka, ndiwo 10 pa mwezi. Ngati sadya phindulo, koma agulanso nalo magawo ena, pali njira yacidule yowerengera: gawani 72 ndi 12, mupeza 6. Ndiye kuti pa zaka 6 ndalama zija zawirikiza kawiri. Papepala zimenezi n'zokoma, ndipo ambiri amalekera pomwepa.

Koma tiyambe tafunsa kumene phindulo licokera. QYLD ili ndi masheya a makampani aakulu a pa mndandanda wa Nasdaq-100, monga Apple ndi Microsoft. Mwezi uliwonse imalonjeza amalonda ena kuti mitengo ikakwera kupitirira pamene agwirizana, zapamwambazo zidzakhala zao. Iwo amalipira lonjezolo, ndipo malipirowo ndiwo agawidwa. Zili ngati mlimi wogulitsa cimanga cikali m'munda: ndalama alandira lero, koma mtengo ukadzakwera m'miyezi ya njala wokondwa ndi wina. Ndipo mlimi wathuyu ngwatsoka koposa, pakuti mtengo ukagwa cimangaco cimatsala m'manja mwake.

Zinaoneka mu 2022. Nasdaq-100 inagwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo gawo la QYLD linatsika kucoka pa madola 22 kufika pa 16. Mu 2023 msika unakwera koposa theka, koma QYLD inangofika ca pa madola 17. Poyamba paja gawo linali pafupi madola 25. Tsono popeza thumbali siligawa koposa 1 pa 100 ya mtengo wake pa mwezi, mtengo ukatsika phindu nalo limacepa. Amene anagula pa 25 sangalandirenso masenti 25 pa gawo. Pa mtengo wa 17 malire ndi masenti 17.

Palinso msonkho. Kwa munthu wokhala m'dziko lopanda pangano la misonkho ndi America, monga Zambia, kawirikawiri amayamba adulako 30 pa 100. Madola 120 aja asanduka 84, ndipo zaka 6 zija zapitirira 8.

Ine ndikati ndiwerengere, ndimalemba mizere iwiri: wina mtengo utaima pamodzi, wina ukutsika ndi 3 pa 100 caka ndi caka. Pa mzere waciwiriwu ndalama zimawirikiza patapita zaka 13 kapena 14.